Kaseti ya NyaLuhanga

Hewe, Rumphi
4 Marichi 2024

Mwana wanga Walusungu,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino ku Joni kumeneko. Ife kuno tilipo, kungoti bondo langa lakumanzere layambiranso mwano wake mvula ikamagwa. Mlongo wako Temwa wabwera kuchokera ku Mwazisi kudzandiona, ndipo iyeyo ndi amene ajambule kalatayi ndi foni yake n'kukutumizira akakafika pamtunda pomwe pamagwira netiweki. Akuti ndisiye zolembazi, ndizingolankhula mu foni. Ine ndaphunzitsa ana a eni kulemba makalata zaka makumi atatu ndi zisanu, ndiye lero ndiyambe kucheza ndi kagalasi? Ayi ndithu.

Fodya wachita bwino chaka chino. Tili mkati mothyola ndi kusoka, chigafa chimodzi chadzaza kale. Chimanga cha kumunsi kuja mbozi zachilowa, koma sitigona ndi njala.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Tinakhala pansi ndi amalume ako a kwa Luhanga, ndipo tamvana kuti chiliza cha mayi ako tidzachivundukule Loweruka pa 7 Seputembala, fodya atagulitsidwa, misewu itauma. Abale anga a ku Ntcheu ndawalembera kale. Iwe ndakuuza msanga dala kuti usadzanene kuti sunadziwe.

Tsono pali chinthu chimodzi ndikukupempha. Kaseti ija unatenga titangoika maliro, unati ukaitsanulira mu kompyuta kuti isadzafe. Papita chaka ndi theka, mwana wanga. Ndikuifuna. Ndinaijambula ndekha mu 1996 ndi wailesi ya kusukulu, tsiku lina mayi ako akusankha nyemba pakhonde. Mbali yoyamba akuimba nyimbo zawo zopeka okha zija, mbali yachiwiri akungocheza, kuseka, ndi kukukalipira iwe chifukwa unkagwiragwira mabatani. Zithunzi zawo tili nazo zambiri, koma chithunzi sichilankhula. Ndikuuze zoona, mawu a mayi ako NyaLuhanga ayamba kundithawa m'mutu. Ndikatseka maso nkhope ndimaiona bwinobwino, koma mawu sakubwera, ndipo zikundiopsa.

Ndaganiza kuti pa tsiku la chiliza, abusa akatha pemphero, anthu adzamve mwini wake akuimba. Amalume ako avomera. Undiuze ngati ntchito yotsanulirayo inatha.

Ndine bambo ako,
Hezron Kambalame


Johannesburg
2 Epulo 2024

Adada,

Kalata yanu ndalandira, yewo chomene. Pepani ndachedwa kuyankha, ntchito yandipanikiza. Ine ndili bwino, kuno kwayamba kuzizira. Bondolo musamalinyozere, pitani akaliwone kuchipatala. Mukapereke moni kwa amalume onse.

Tsiku la chiliza ndalilemba pakhoma. Abwana a kushopu ya mafoni kumene ndimagwira masana ndawauza kale kuti mu Seputembala ndidzasowa milungu iwiri.

Ndili ndi nkhani yabwino, kaya muilandira bwanji. Nyimbo zanga zinayi zatuluka mwezi wathawu. Kampani ina yaing'ono ya ku Cape Town ndi imene yazitulutsa. Masiku ano sipakhala kaseti kapena CD, zimangoikidwa pa intaneti, aliyense n'kumazimvera pa foni. Ziwiri ndi za disiko, zokhala ndi gitala wa besi ndi malipenga, ngati zija munkavina inu musanakhale mkulu wa mpingo. Musakane, amama anandiuza zonse, mpaka za buluku lotambalala kumiyendo. Ziwiri zinazo ndi za hausi, mtundu wa nyimbo zovina umene ng'oma yake imangogunda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Imodzi mwa ziwirizi ndiye yagwira moto. Ma DJ a ku Durban akuiika, wina wa ku Lisbon wandilembera kuti anthu kumeneko akuikonda. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuvutika m'kachipinda ndi kompyuta yokalamba, adada, lero ndiye wina wamva.

Za kaseti musadandaule. Tepi yakale imafuna kuleza mtima. Ndidzakufotokozerani zonse bwinobwino.

Ndapatsira katundu a Greyson, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno kufika ku Rumphi. Muli jekete, mankhwala opaka bondo, ndi kasipika kakang'ono kotchaja pa sola. Asisi akuonetsani kagwiritsidwe kake.

Mwana wanu,
Walusungu


Hewe
10 Meyi 2024

Walusungu,

Moni mwana wanga. Katundu wafika. Jekete yandikwana, mankhwala akununkha ngati kuchipatala cha ziweto koma akuthandiza. Zikomo kwambiri. Za buluku lotambalala sindiyankha, mayi ako anali ndi pakamwa.

Ndinakhuthula chikwama chonse, mpaka kupisa m'matumba a jekete, koma kaseti sindinaione. Poyamba mtima unandiwawa. Kenaka nditagona nazo ndinaona kuti mwanayu waganiza mwanzeru. Katundu wa pa msewu amanyowa, amaphwanyika, ena amasochera pa chipata. Chinthu chimene chilipo chimodzi chokha padziko lonse sungapatsire munthu. Wachita bwino. Udzabwere nayo wekha m'thumba la malaya.

Nyimbo zakozo sindinazimve, koma ngati anthu akuzikonda mpaka kumaiko a azungu, ndiye kuti khama lako silinapite pachabe. Ndakondwa.

Amisiri ayamba kuumba chiliza. Ndawauza kuti alembepo Phoebe NyaLuhanga Kambalame, mayina onse atatu, kuti a kuno ndi a ku Ntcheu asadzakangane.

Bambo ako,
H. K.


Mwazisi
16 Juni 2024

Iwe Walu,

Moni ndikupatsa chifukwa amama anatilera motero, koma mtima wanga suli pa moni. Uli bwanji? Ana ali bwino, alamu ako ali bwino.

Dzulo ndinali ku Njakwa ku ukwati wa mwana wa Hellen, mphunzitsi mnzanga. Masana, holo yodzaza, anthu akuvina kupita kutsogolo. DJ n'kunena pa maiki kuti tsopano mumve yatsopano, yochokera ku Joni, koma woipanga ndi mwana wa konkuno ku Rumphi. Ine kumtima mbee, ndikuti ameneyo ndi mlongo wanga. Ndinaimirira kuti ndivine. Ng'oma inagunda, inagunda, kenaka ndikumva kamawu kakuonda kakuti, "Zuŵa lanjira, ŵana ŵane, tiyeni kukaya." Kenaka komweko. Kenaka komwekonso.

Walu, kuvina kunathera pomwepo. Nyimbo imene amama ankatiitanira nayo kumunda dzuwa likamalowa kuti tizipita kunyumba, iwe n'kukaiika pa ng'oma kuti anthu azigwedezera ziuno? Ndinatuluka, ndinakakhala pamwala kuseri kwa holo nditavala chitenje cha ukwati, kulira ngati maliro achitika dzulo. Anthu akubwera kudzandigwira dzanja, akuti mlongo wanu wapambana. Ndikanawayankha chiyani?

Chimene chandipweteka kwambiri si kuvinako ayi. Amama ankakonda kuvina kuposa tonsefe. Koma mawu awo unawatani? Amama anali ndi mawu aakulu, a pansi, oti akaimba ku Umanyano, gulu lija la amayi a mpingo, anzawo ankatsamira pa iwo. Iwe wawasandutsa kamtsikana ka sitandade 5. Ndinawazindikira ndi nyimbo yokha, osati ndi mawu. Ndipo sunafunse munthu. Ine ndine mkulu wako, foni yanga uli nayo, unalephera kundiuza?

Adada sindinawauze. Ku Hewe nyimboyi sinafike, koma ifika, a njinga zamoto amayenda ndi nyimbo kulikonse. Iwo tsiku lililonse nkhani ndi kaseti. Akuuza aliyense kutchalitchi kuti pa chiliza NyaLuhanga adzaimba yekha.

Nyimboyo ndi yako, chita nayo zimene ukufuna. Koma kaseti si yako. A Greyson akunyamuka kumeneko kumapeto kwa mwezi uno. Ikulunge mu pulasitiki, uwapatse m'manja, ine ndikailandira ndekha ku boma. Za kudikira Seputembala ine sindikuzikhulupirira, ndimakudziwa ukamazemba.

Ndine mlongo wako,
Temwa


Johannesburg
1 Julayi 2024

Asisi,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Zonse mwanena ndi zoona, ndipo pali china choposa pamenepo. Khalani pansi.

Kaseti palibe. Inatayika chaka chatha mu Febuluwale.

Ndifotokoze mmene zinakhalira, osati kuti mundikhululukire, koma kuti mudziwe. Kuno makina oimbira kaseti ndi osowa. Ndinafufuza miyezi ingapo mpaka mnzanga Lovemore, wa ku Zimbabwe, anandibwereka ake. Anati ndiwabweze tsiku lomwelo chifukwa anali atapeza kale wogula. Nthawi imeneyo magetsi ankazima mosinthana, ndipo kwathu ankazima 2 koloko masana. Ndinali ndi ola limodzi ndi theka. Kaseti yonse ndi ola limodzi. Nthawi inalipo, asisi. Ndikanangoiika, n'kudina batani, n'kutuluka panja, bwenzi lero zonse zili mu kompyuta.

Koma ndinayamba ndi mbali yachiwiri. Ndinangomva amama akuti, "Walu, leka kukora wayilesi ya ŵadada ŵako," kundiletsa kugwira wailesi ya adada, ngati ali kuseri kwa chitseko. Ndinazimitsa. Ndinakhala pansi nthawi yaitali osachita kanthu. Nditadzuka, ndinatembenuza kaseti, ndipo m'malo moitsanulira yonse ndinachita zimene manja anga anazolowera. Ife opanga nyimbo zoterezi sitijambula nyimbo yonse ya kale. Timathamangitsa tepi, kumvera pang'ono, kuthamangitsanso, mpaka tipeze kachidutswa kokoma. Tikakapeza timadula komweko basi, zotsalazo timasiya. Ndachita zimenezi ndi nyimbo mazanamazana, moti sindinaganize n'komwe. Ndinapeza mzere uja, ndinaujambula, masekondi asanu ndi atatu. Ndinadziuza kuti zotsalazo ndidzachita tsiku lina mtima ukadzakhazikika, ndidzabwereka makina ena.

Magetsi anazima. Lovemore anabwera, ananyamula makina ake. Patapita masiku anayi ndi pamene ndinatsegula kabokosi ka kaseti n'kupeza mulibe kanthu. Ndinaisiya m'makina muja.

Ndinathamanga. Lovemore anali atagulitsa kwa munthu wa shopu ya zinthu zakale, wa shopuyo anali atagulitsanso kwa munthu wongodutsa. Sakudziwa dzina lake, sakukumbukira nkhope. Ndazungulira misika ya kaunjika Loweruka lililonse kwa chaka, kutsegula makina alionse amene ndawaona. Ndinamata mapepala m'mitengo ya magetsi. Palibe.

Nyimbo ija ndinaipanga chifukwa ndi zokhazo ndinatsala nazo. Ndinkamvera masekondi amenewo mobwereza mpaka ndinayamba kuwaikira ng'oma. Mawuwo ndinawathamangitsa kuti ayendere limodzi ndi ng'omayo, n'chifukwa chake akumveka aang'ono. Ndinkaganiza kuti ndikuwalemekeza. Mwina ndinkangodzinamiza.

Ku chiliza sindibwera. Sindingathe kuwayang'ana adada kumaso. Muwauze kuti mapepala anga a kuno avuta, ndikatuluka sadzandilola kubwereranso. Chonde za kasetiyi musawauze kaye, ndikufufuzabe. Pali msika wina ku Pretoria umene sindinafikeko.

Mlongo wanu,
Walu


Hewe
19 Ogasiti 2024

Mwana wanga Walusungu,

Moni. Papita miyezi inayi osalandira kalata yako. Ndikhulupirira uli moyo ndipo ukudya.

Temwa wandiuza kuti subwera chifukwa cha mapepala. Ponena anayang'ana pansi. Ine ndakhala mphunzitsi moyo wanga wonse, mwana akamanama ndimamuona asanatsegule pakamwa. Si mapepala.

Ndakhala ndikuganiza, ndipo ndikuona kuti chifukwa chake ndikuchidziwa. Pa maliro a mayi ako, tsiku lachiwiri, unatulukira pabwalo utakoleka zomvera m'makutu zija m'khosi. Ine pamaso pa amalume ako ndinati, onani mwana amene ndinamuphunzitsa mpaka Fomu 4, akudya za phokoso. Anthu anaseka. Nditawerenga kalata yako ya mu Epulo, pamene unati kaya muilandira bwanji, ndinadziwa kuti mawu aja akadali mwa iwe.

Ndinalakwa. Ndinali ndi chisoni ndipo ndinachitulira pa iwe chifukwa unali pafupi. Mayi ako akanakhalapo akanandidzudzula pomwepo. Munthu wamkulu kupepesa mwana ndi kovuta, koma ndikupepesa. Ntchito yako ndi ntchito. Ngakhale luso la nyimbolo unalitengera kwa mayi ako, si kwa ine.

Ngati ungathe, bwera. Malo ako ndakonza kale. Ngati mtima ukukanabe, sindikukakamiza, koma kaseti yokha uwapatse a Greyson. Afika ku Bolero Lachinayi pa 5 Seputembala, ndikawachingamira ndekha. Wailesi ya kaseti ndapeza kwa a Lumbani a kugolosale, inali pamwamba pa kabati zaka zambiri koma ndaipukuta, ikuzungulira bwino.

Bambo ako,
Hezron


Mwazisi
9 Seputembala 2024

Walu,

Moni. Chiliza tavundukula. Ndikulembera zonse chifukwa uyenera kuzidziwa, ndipo sindikuchepetsera.

Lachinayi adada anakwera njinga yamoto mpaka ku Bolero ndi bondo lawo lija. Anadikira a Greyson kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko. Analandira katundu wako, nsalu yoyera yophimbira chiliza ndi shuga. Anafunsa ngati pali kena kakang'ono kamene unawapatsa padera. A Greyson anati palibe. Adada anabwera kunyumba akumwetulira, akuti ndiye kuti Walusungu akubwera yekha, akufuna atidzidzimutse. Anagula mabatire asanu ndi limodzi.

Ine masiku awiri amenewo sindinadye. Ndinakusungira chinsinsi miyezi iwiri, Walu, ndikuyembekeza msika wako wa ku Pretoria. Ndimadziimba mlandu ngati mmene ndikukuimbira iwe.

Loweruka m'mawa anthu anadzaza. A ku Ntcheu anabwera ndi minibasi yathunthu, amayi a Umanyano atavala zoyera. Adada analemba okha ndondomeko ya mwambo pa pepala lalikulu, ndi dzanja lawo la pa bolodi lija. Nambala 6 analemba kuti "Mawu a malemu." Wailesi anaiika pa mpando pafupi ndi manda, ataiyalira kansalu. Maso awo anali kumsewu basi. Njinga yamoto iliyonse ikamveka, ankatembenuka.

Abusa atayamba pemphero loyamba ndinaona kuti sindingawasiye afike pa nambala 6 akuyang'anabe kumsewu. Ndinawakokera pambali, kuseri kwa mtengo wa muwanga uja, ndi kuwauza zonse. Sanandidule mawu. Nditamaliza anangofunsa kuti, "Yonse?" Ndinati yonse, kupatula masekondi asanu ndi atatu. Anagwedeza mutu. Anapita pa mpando paja, anatembenuza wailesi, anachotsa mabatire limodzilimodzi n'kuwaika m'thumba la jekete imene unawatumizira. Nthawi ya nambala 6 itakwana anaimirira n'kunena kuti, "Pamenepo tidumphe." Anthu anayang'anana, koma palibe anafunsa. Amayi a Umanyano anayambitsa nyimbo msanga kuti atseke mpatawo.

Sanalire pamanda. Ine ndikanakonda akanalira.

Dzulo masana alendo atapita anandiitana pakhonde, anati ndiwaikire nyimbo yakoyo. Ndinakana, anaumirira. Ndinaiika pa kasipika kaja. Anamvera yonse, mphindi zisanu ndi imodzi, ali chiimire, dzanja lili pa mzati. Itatha anati, "Ameneyo si Phoebe." Kenaka anati, "Koma ng'oma zake wazikonza bwino." Anatenga ndodo n'kupita kukaona mbuzi.

Za mapepala ndawauza kuti linali bodza. Ine mbali yanga ndathana nayo, sindinyamulanso mawu ako. Alembere wekha.

Temwa


Johannesburg
21 Seputembala 2024

Adada,

Moni adada. Sindikudziwa ngati ndikuyenera kufunsa za moyo wanu, koma ndikufunsa. Muli bwanji?

Zimene asisi anakuuzani ndi zoona. Kaseti ndinaitaya ine, chifukwa cha kusasamala kwanga, ndipo ndinakunamizani chaka ndi theka. Munandipepesa pa mlandu umene panalibe. Mawu a pa maliro aja ndinawaiwala kalekale. Kalata yanu ija nditaiwerenga ndinalephera kupita kuntchito masiku awiri. Munandiyamikira kuti ndine wosamala, munakadikira ku Bolero, munagula mabatire, ine ndili chete kuno chifukwa cha mantha. Ndachita manyazi kwambiri. Pepani adada. Ndikudziwa kuti pepani sabweza kanthu.

Ndawapatsa a Greyson kakhadi kakang'ono kolowetsa mu kasipika kaja. Mulibe ng'oma, mulibe chilichonse changa. Ndi masekondi asanu ndi atatu aja monga mmene anatulukira mu kaseti, pa liwiro lake lenileni, mawu a amama enieni. Ndi zokhazo zimene zatsala.

Nyimbo ija ndikhoza kuwauza a kampani aichotse pa intaneti. Amene anaitenga kale adzakhala nayobe, koma sidzapitirira. Mukangonena, ndichita tsiku lomwelo.

Mwana wanu,
Walusungu


Hewe
17 Novembala 2024

Walusungu mwana wanga,

Moni. Ndili bwino. Mvula yoyamba yagwa Lachiwiri, tayamba kuwokera fodya. Temwa ndi ana ali bwino.

Ndachedwa kuyankha dala. Ndikanalemba mu Seputembala ndikanalemba zinthu zoti ndidzapepesenso, ndipo kupepesa kawiri chaka chimodzi ine sindingakwanitse. Ndinakwiya kwambiri. Kutaya kaseti ndi ngozi, munthu aliyense amataya chinthu. Koma unandisiya ndikuuza mpingo wonse kuti NyaLuhanga adzaimba, iwe ukudziwa. Chimenecho chikundiwawabe, sindikunamiza. Komabe ndiwe mwana wanga, ndipo pakhomo pano ndi pako. Pa Khirisimasi ubwere. Usabwere ndi katundu, ungobwera.

Za kuchotsa nyimbo, usaichotse. Inafika kuno mwezi watha. Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo ndinapeza ana a sukulu akuimba mzere uja pamsewu, akuvina, osadziwa kuti mwini wake agona pafupi pomwepo. Ndinaima kuwayang'ana. Sindinganene kuti ndinakondwa, koma sindinawaletse.

Kakhadi kanafika. Temwa anandiikira mu kasipika n'kundionetsa batani lake. Amenewo ndiye mayi ako. Mawu aakulu aja, a pansi. Kumbuyo kukumveka nyemba zikugwera m'lichero. Tsiku loyamba ndinalira mpaka Temwa anachita mantha. Tsopano ndimamvera m'mawa uliwonse ndisanapite kumunda, kamodzi kokha, kuopa kuti ndingawazolowere.

Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Kaya unachiona pamene unkadula. Akamaliza kunena kuti tiyeni kukaya, mayi ako akukoka mpweya kuti apitirize. Ukumveka bwinobwino mpweyawo. Ndiye pomwepo ndi pamene unadula. Tsiku lililonse ndimatchera khutu ngati lero apitiriza, kenaka zii.

Nyimbo imeneyi inali ndi mzere wachiwiri. Ndinaumva zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo lero ndikaufuna sukubwera. Temwa akuti anali kunena za nkhuni. Ndafunsa alamu anga a Ida, akuti ayi, anali kunena za mvula. Amayi a Umanyano aliyense akunena zake, ndipo palibe chimene chikukhala bwino m'khutu langa. Anaipeka okha, sinalembedwe paliponse.

Iwe ndiwe munthu womaliza kumva kaseti ija. Mwina usanadine batani, tepi inapitirira pang'ono. Khala pansi, uganize bwinobwino, usafulumire. Ngati ukukumbukira chimene ananena atakoka mpweya uja, ngakhale mawu awiri okha, undilembere.

Ndine bambo ako,
Hezron Kambalame